Chakudya choundana cha mnofu wa pende chogulitsidwa mumzinda wa Tete

Kwa miyezi inayi tsopano ndakhala ndikudyetsa nsomba zanga za mu akwariyo chakudya choundana chimene mayi wina amakonza okha ndi kugulitsa m'kasitolo kawo ka zinthu za ziweto mumzinda wa Tete, ndipo popeza anzanga a kuno ku Moatize akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuwoloka mlatho wa Samora Machel chifukwa cha chakudya chimenechi, ndati ndilembe zimene ndaona ndi maso anga. Ndili ndi mathanki awiri agalasi: limodzi muli ma oscar awiri (nsomba zikuluzikulu zoweta zodya nyama), linalo muli mbuna khumi za ku nyanja ya Malawi.

Chakudyacho amachiika m'timatumba ta pulasitiki totseka ndi zipi, n'kuchiphwatalitsa mpaka chipyapyale ngati bisiketi, kotero kuti chikaundana munthu amangobenthula kachidutswa ndi zala popanda kusungunula thumba lonse. Thumba la magalamu 100 ndimagula ndi 150 meticais, ndipo ma oscar anga limawakwanira pafupifupi masabata awiri. Mayiwo sabisa zimene amaikamo. Ndinawapeza tsiku lina akusenda pende (nsomba yonga chambo) wa ku damu la Cahora Bassa, akuchotsa khungu, minga ndi mafuta a pamimba, kenaka akupera mnofuwo m'makina pamodzi ndi kamarawu (shirimpu) wosenda, nsawawa zowiritsa, masamba a sipinachi, adyo pang'ono ndi ufa wa ndere zotchedwa spirulina. Pomaliza amathiramo jelatini wosungunula m'madzi ofunda kuti zonsezo zigwirane.

Kusankha pende m'malo mwa kapenta ndi kumene kunandikhutiritsa kuti mayiwa akuidziwa ntchito yawo. Kapenta ndi wotchipa ndipo ndi wochuluka ku Cahora Bassa, kumene anafika potsika ndi mtsinje wa Zambezi kuchokera ku Kariba, koma amene timamupeza pamsika amakhala wouma ndi wothira mchere, pamene nsomba za m'madzi opanda mchere siziyenera kudya mchere wochuluka chotero. Komanso nsomba zambiri za banja la sadini, limene kapenta alimo, zimakhala ndi thiaminase, chinthu chimene chimaononga vitamini B1 m'chakudya. Kuzizira sikumuthetsa thiaminase. Amatha ndi moto basi. Nsomba yodya zoterezi zosaphika kwa nthawi yaitali imafooka, imataya chilakolako cha chakudya ndipo imayamba kusambira mozungulirazungulira. Mnofu wa pende ndi woyera, wopanda mafuta ambiri, ndipo suchedwa kugayika, mosiyana ndi mtima wa ng'ombe umene ena amakonda kudyetsa ma oscar.

Mayiwo sagulitsa thumba lililonse lisanathe sabata mufiriji yawo yaikulu. Chifukwa chake n'chomveka: pende ndi nsomba ya m'madzi onga a mu akwariyo momwemo, ndiye nyongolotsi zake zingathe kulowa mu nsomba zoweta. Kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7 kumapha nyongolotsizo, ngakhale kuti mabakiteriya sikuwapha, kumangowagoneka.

Ma oscar anachilandira tsiku loyamba lomwe. Wamkuluyo amabwera pamwamba akangomva chitseko cha firiji chikutseguka, ndipo kachidutswa kakagwera m'madzi amakameza kamodzi, n'kutulutsa tinyenyeswa tobiriwira kudzera m'makha mwake. Mawanga ake ofiira aoneka bwino kuposa pamene ankadya zouma zokhazokha.

Vuto lalikulu lili pa jelatini, ndipo ndi vuto la kuno kwathu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la Tete limapitirira madigiri 40, madzi a m'mathanki anga amafika madigiri 31 kapena 32 masana ngakhale nditatseka makatani. Jelatini amayamba kusungunuka kutentha kukadutsa madigiri 30, choncho kachidutswa kamene nsomba sinakadye mphindi yoyamba kamaphwasuka n'kusanduka mtambo wa phala. Madzi amachita mbuu, siponji ya fyuluta imatsekeka pasanathe masiku atatu, ndipo zotsalazo zikaola zimakweza amoniya, amene m'madzi otentha amavulaza nsomba msanga. Mankhwala ake alipo: agar, wochokera ku ndere za m'nyanja yamchere, amagwiranitsa chakudya ngati jelatini koma sasungunuka mpaka kutentha kufike pafupifupi madigiri 85. Nditawafotokozera mayiwo zimenezi anandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, zimenezo ndikuzidziwa, koma agar kuno sapezeka wamba, ndipo ndikamuitanitsa mtengo ukwera, makasitomala andithawa." Yankho lawo ndinalimvetsa, komabe ine ndingalolere kuwonjezera ndalama kusiyana ndi kusintha madzi kawiri pa sabata. Pakadali pano ndimabenthula tizidutswa tating'ono ngati njere ya chimanga, n'kumaponya kamodzikamodzi, china chikamezedwa ndiye china.

Kwa oweta mbuna, chakudyachi sindingachiyamikire. Mbuna zambiri kunyanja zimakhalira kupala ndere pamiyala ndipo matumbo awo ndi aatali, oyenera zamasamba. Zikadya mnofu wambiri zimatupa mimba n'kusiya kudya, ndipo kawirikawiri sizichira. Mayiwo ali ndi mtundu wina wobiriwira umene amati ndi wa mbuna, koma nditaufunsa ndinapeza kuti theka lake ndi pende yemweyo. Zanga ndinazipatsa kawiri kokha, kenaka ndinasiya.

Wogula wochokera kutali aganizirenso za ulendo. Makilomita pafupifupi 20 a pa chapa (minibasi) kuchoka mumzinda kufika ku Moatize ndi okwanira kusungunula thumba lopyapyala chonchi, n'chifukwa chake ndimanyamula kabokosi kosunga kuzizira ndi mabotolo awiri a madzi oundana. Usiku wina magetsi anathima mpaka m'mawa, matumba atatu anafewa, ndipo ndinawataya onse, pakuti chakudya cha nsomba yaiwisi chikasungunuka sichiyenera kubwezeredwa mufiriji. Kuyambira pamenepo ndimagula awiri okha paulendo.

Chinthu china chimene ndawapempha mayiwo kangapo, ndipo n'chosalira ndalama, ndicho kulemba tsiku lokonzera pa thumba lililonse. Mnofu ukakhalitsa mufiriji ya panyumba umauma m'mbali n'kuyamba kununkha moipa, ndipo ine sindisunga thumba kupitirira miyezi itatu. Mpaka lero matumba awo alibe tsiku, moti ndimawafunsa pakamwa n'kulemba ndekha ndi cholembera ndisanatuluke m'sitolomo.