Ka thermometer ka infrared aka kakuyesetsa ndithu pa abuluzi

Kachipangizo koyezera kutentha kooneka ngati kamfuti aka ndakakonda, umangolozetsa pa buluzi nkukanikiza batani basi nambala yatuluka, osamugwira nkomwe. Zomugwirazo zimasokoneza chifukwa akathawa kapena akakhalitsa m'manja mwako kutentha kwake kumasintha. Paja buluzi sapanga kutentha kokwanira m'thupi mwake ngati ife, amadalira dzuwa ndi miyala. Ndiye taganizani abuluzi otchedwa Liolaemus a kumapiri a Andes ku South America omwe amakhala pamwamba kuposa mamita 4,000, m'mawa mpweya uli pafupi ndi 0°C koma iwo akaothera dzuwa, thupi ataliphwatalitsa, khungu litada kuti likoke dzuwa bwino, amatha kufika cha m'ma 30°C. Usiku amakabisala kuuna kapena pansi pa miyala. Zimenezi kachipangizoka kamazionetsa bwino heve, yezani mwala wa padzuwa kenako wa pamthunzi muone kusiyana kwake.

Koma pali zobowa. Kamayeza khungu lokha, osati mkati mwa thupi. Komanso kanga kalembedwa 12:1, kutanthauza kuti ukaima kutali kamayeza malo aakulu, ndiye buluzi akakhala wamng'ono umapezeka wayeza mwala womwe wakhalapo, uyenera kuyandikira kwambiri, nanga buluzi amadikira munthu? Ka laser kofiirako nkongolozera chabe ndipo chonde musamawalitse m'maso mwake. Batire nayo ikazizidwa sichedwa kufooka, tengani yapadera muiike m'thumba lamkati. Kwa ongofuna kuphunzira kali bho, a kafukufuku weniweni awonjezere choyezera china.