Chimbale cha Rocket 88 chomwe ndinapita kukabweza

Mwezi watha ndinagula kachimbale ka 45, kaja kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, pa kashopu kena kuno ku Manchester, kaja kogulitsa zimbale zakale zokhazokha, ukangolowa umalandiridwa ndi fungo la makatoni a chinyezi. Mapaundi 8. Sikoyambirira ka 1951 ayi, zimenezo si za thumba langa, ndi kodindidwanso. Nyimbo yake Rocket 88, palebulo panalembedwa Jackie Brenston and his Delta Cats.

Kufika kunyumba ndaika singano, piyano yayamba bhobho, koma pansi pake pakumveka chinachake chikungoti nzzzz ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini. Ine ndinakulira pa gumbagumba za kumudzi zija sipika amaikhazika pamtsuko kuti besi imveke, ndiye kulira kwa sipika yong'ambika ndimakudziwa bwino, palibe angandinamize. Ndinapukuta singano, kusintha mawaya, kuyesa chimbale china chikulira bwinobwino, ndabweza ichi njuchi ija yabweranso. Ndinati basi andigulitsa chakutha. Loweruka ndinadzuka nacho ulendo kushopu nkhope ili gwaa, risiti m'manja.

Madala a pashopupo anachiika pa makina awo, kumvetsera pang'ono, kenako kuseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mwana wanga chimbale chako chilibe vuto, chomwe chinawonongeka ndi ampu, chokuzira mawu cha woimba gitala, ndipo inawonongeka bambo ako asanabadwe mwina. Manyazi ake inu kkkk. Koma sanandinyoze, anandikhazika pakampando nkundifotokozera, ndalama anati ngati ndikuifunabe andibwezera. Pa ichi chokha shopu ija ndaipatsa ulemu.

Nkhani yake ili chonchi. Mu March 1951 anyamata a bandi ya Ike Turner, Kings of Rhythm, ananyamuka ku Clarksdale ku Mississippi pagalimoto kupita ku Memphis kukajambula kwa Sam Phillips, situdiyo yake yaing'ono ija ya pa 706 Union Avenue. Munjira ampu ya Willie Kizart inaonongeka, sipika yake kung'ambika. Mpata wokonzetsa panalibe, ndiye anangoifwatika mapepala mkati kuti igwire nkuyamba kujambula. Phillips atamva kulira kwakeko anakukonda, anati zisiyeni choncho. Njuchi yomwe ine ndimafuna kubwezeredwa nayo mapaundi 8 ndi imeneyo, ndipo lero anthu amagula timakina todula kuti gitala yawo izilira chomwecho mwadala.

Nditabwerera kunyumba ndinaimvetsera ndi makutu ena. Siifika ndi mphindi zitatu zomwe koma mulibe popumira. Piyano ndi Ike Turner ali ndi zaka 19 zokha, ndipo kayambidwe kake ndi komwe Little Richard anadzakatengera mu Good Golly Miss Molly. Pakati Raymond Hill amalowa ndi sakisofoni ngati wakwiyitsidwa, ng'oma za Willie Sims zikungokankha kumbuyo. Mawu ake si ozama ayi, ndi mnyamata akutamandira galimoto, Oldsmobile 88 yomwe inatuluka mu 1949, kunyamula anzake nkumazungulira mtauni akumwa. Ndipo tinene zoona, maganizo ake anabwereka kwambiri ku Cadillac Boogie ya Jimmy Liggins ya 1947. Ndiye aja amalimbikira kuti iyi ndi nyimbo yoyamba yeniyeni ya rock and roll ine sindilimbana nawo, koma inali ndi akuluakulu ake.

Chomwe chimandipweteka ndi lebuloyo. Phillips anatumiza nyimboyi ku Chess Records ku Chicago, ikutuluka dzina ndi la Brenston, yemwe mubandimo anali woimba sakisofoni koma tsikulo ndi amene anaimba mawu. Delta Cats yo kunalibe, dzina longopeka, bandi inali ya Ike. Nyimbo inakwera mpaka nambala wani pa tchati cha R&B cha magazini ya Billboard, kukhalapo masabata 5, Ike iye ankanena kuti anangolandira madola 20 basi. Brenston kutchuka kunamulowa m'mutu, anachoka mubandi, sanatulutsenso ina yogunda chonchi, kenako anabwerera kwa Ike yemweyo kukhala waganyu, mapeto ake ankayendetsa mathiraki mpaka kumwalira mu 1979. Chaka chomwecho cha 1951 Bill Haley, mzungu woimba za country, anaijambulanso, ndinaimvera pa YouTube, ndi yaukhondo kwambiri, njuchi mulibe, sinandigwire. Phillips naye chaka chotsatira anatsegula Sun Records yake, komwe Elvis anadzayambira mu 1954.

Za chimbale chenichenicho, pulasitiki ndi yolemera bwino, sichidumpha, kachikwama kake ndi kapepala wamba kopanda chithunzi ngakhale mbiri, apa anaumira. Ndi mono, musadabwe sipika zonse zikamalira zofanana. Kuseri kuli Come Back Where You Belong, ndaimvera kawiri, siyoipa koma singano imabwerera kutsogolo yokha.

Mukachipeza pamtengo ngati umenewu tengani, bola muli ndi pochiimbira. Pafoni gitala ija imamveka ngati kaudzudzu, imafuna sipika yaikulu ndi voliyumu. A neba anga agogoda kale khoma kawiri sabata ino.