Makina a DAM2 owerengera mayendedwe a tintchentche: zomwe amatha ndi pomwe amalekeza

Aliyense amene akulowa kafukufuku wa wotchi ya m'thupi la tizilombo adzamva dzina la DAM2 sabata yake yoyamba isanathe. Ndi makina a kampani ya TriKinetics ya ku Waltham, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ine ndagwira nawo ntchito nthawi yonse ya maphunziro anga mu labotale ya tintchentche kuno ku Britain, ndipo maganizo anga ndi awa: ngati mukufuna kudziwa kuti kachilombo kamadzuka liti, kamapuma liti, ndipo wotchi yake imazungulira pa maola angati, makinawa ndi odalirika kwambiri. Funso lanu likakhala la tulo penipeni, kapena la kufunsirana, adzakuthandizani theka la njira basi.

Tintchentche tomwe ndikunena ndi tija timaunjirira nthochi yakupsa kwambiri kapena mango ogwa pansi, totchedwa Drosophila melanogaster. DAM2 ndi kabokosi kokhala ndi mabowo 32, ndipo m'bowo lililonse mumalowa kachubu kagalasi, mamilimita 5 m'mimba mwake, kutalika pafupifupi mamilimita 65. M'kachubu kalikonse mumakhala kantchentche kamodzi. Mbali imodzi timaikako chakudya, shuga wosakaniza ndi agar (ufa wochokera ku ndere za m'nyanja wolimbitsa chakudyacho), n'kumata ndi phula kuti chisaume msanga. Mbali inayo timatseka ndi thonje kuti mpweya uzilowa. Pakati pa kachubuko pamadutsa kuwala kwa infrared komwe kantchentcheko sikakuona. Kakadutsa pamenepo, makina awerenga kamodzi. Kompyuta imatolera manambalawo pa nthawi yomwe mwaiuza, ife timaika mphindi iliyonse, n'kuwalemba m'fayilo ya malemba wamba, mzere uliwonse nthawi yake. Zonse ndi zomwezo. Palibe kamera, palibe chosokoneza.

Kuphweka kumeneku ndi komwe ndimakukonda. Mumaika makinawo mu incubator, bokosi losunga kutentha ndi kuwala momwe mwaliuzira, pa madigiri 25, maola 12 kuwala, maola 12 mdima, kwa masiku angapo, kenako n'kuzimitsiratu nyale kuti mukhale mdima wokhawokha. Mukajambula manambalawo, tamphongo timaonetsa nthawi ziwiri zotakataka, m'bandakucha ndi chakumadzulo, ndipo masana timaphwetsa mkhuto osayendayenda. Chomwe chimandigwira mtima mpaka lero n'chakuti timayamba kuyenda nyale isanayake. Timadziwa kuti kwatsala pang'ono kucha. Ndipo mumdima wokhawokha muja, popanda chotiuza nthawi, timapitirizabe ndondomeko yomweyo, pafupifupi maola 24 tsiku lililonse.

Mukaikamo tintchentche tomwe jini yake (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) yotchedwa period inasinthika, mumaona ndi maso anu zomwe Ronald Konopka ndi Seymour Benzer analengeza mu 1971 ku yunivesite ya Caltech ku America. Iwo anapeza mitundu itatu: wina tsiku lake limatha pa maola pafupifupi 19, wina pa maola pafupifupi 28, wachitatu wopanda ndondomeko iliyonse. Wa maola 19 uja, mumdima, tsiku lililonse umadzuka msanga kuposa dzulo, ndipo pa chithunzi cha mayendedwe mzere wake umapendekera kumanzere mooneka bwino, moti ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amauzindikira osamuuza. Ku Waltham komwe kuli kampaniyi ndi komwenso kuli yunivesite ya Brandeis, kumene Jeffrey Hall ndi Michael Rosbash anapatula jini ya period mu 1984, chaka chomwechonso Michael Young anaipatula ku yunivesite ya Rockefeller. Atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2017. Zomwe anafukula n'zakuti puloteni ya PER, yopangidwa ndi jini ya period, imachuluka usiku, imagwirana ndi inzake ya TIM, yopangidwa ndi jini ya timeless, ziwirizi zimalowa pakatikati pa selo n'kutseka majini omwe anazipanga; zikatha, ntchito imayambiranso, ndipo kuwala kumaphwanya TIM, n'chifukwa chake dzuwa limatha kukonza wotchiyo. M'ubongo wa kantchentche muli maselo pafupifupi 150 oyendetsa zimenezi. Mukasokoneza kagulu kamodzi ka maselowo, kusinthako kumatulukira m'manambala a kuwala kumodzi kuja, ndipo pa ntchito yotereyi sindinaone chida chomwe chimapereka zotsatira zofanana sabata ndi sabata ngati chimenechi. Ubwino wina ndi wakuti ma labotale ambiri padziko lonse amagwiritsa ntchito makina omwewa, choncho zomwe mwapeza inu mutha kuziyerekeza ndi za anzanu popanda kukangana za njira.

Ntchito yotopetsa ili pa timachubu. Kuthira chakudya chotentha, kudikira chilimbe, kupukuta kalikonse, kuviika m'phula, kenako kugoneka tintchentche ndi mpweya wa CO2 n'kumatilowetsa kamodzikamodzi ndi kaburashi. Msana umapweteka ndithu. Ndipo pali zinthu ziwiri zomwe watsopano ayenera kuuzidwa. Tatikazi tomwe tinakumana kale ndi tamphongo timaikira mazira pa chakudya, mphutsi zikaswa zimakwawa n'kumadutsa pa kuwala kuja, manambala n'kuwonongeka. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito tamphongo kapena tatikazi tosakumana ndi tamphongo. Chachiwiri, kantchentche kakufa m'fayilo kamaoneka ngati kagona tulo tabwino. Muziyang'ana kachubu kalikonse pomaliza musanakhulupirire manambala.

Tsono nkhani ya tulo. Mu 2000 magulu awiri a akatswiri ku America anaonetsa kuti tintchentche timagonadi: tikakhala duu kwa kanthawi timavuta kudzutsa, ndipo mukatimana mpumulo timabweza tsiku lotsatira. Kuchokera pamenepo lamulo lomwe aliyense amatsatira ndi lakuti mphindi 5 osayenda ndiye tulo. Apa ndi pomwe DAM2 imaperewera, ndipo si chinsinsi, akatswiri anazilemba kale atayerekeza ndi makamera. Kuwala kuli pakati pokha. Kantchentche kakhoza kukhala kumapeto, kakudya, kakudzipukuta miyendo ndi mapiko, kapena kakuyendayenda pafupi ndi chakudya, makina n'kulemba ziro kwa mphindi 10. Pa pepala katuluka kuti kanali m'tulo pomwe kanali maso. Zotsatira zake, tulo timaoneka tochuluka kuposa momwe tilili, makamaka masana. Kampaniyi ili ndi mitundu ina ya makina okhala ndi kuwala kangapo pa kachubu kamodzi, ndipo ngati cholinga chanu ndi tulo, ndikulangizani mufunse amenewo. Njira ina ndi ethoscope, yomwe gulu la Giorgio Gilestro ku Imperial College London linatulutsa mu 2017. Imagwiritsa ntchito kamera ndi kakompyuta ka Raspberry Pi, mapulani ake ndi aulere, ndipo imaona ngakhale kugwedezeka kwakung'ono. Koma muyenera kuimanga ndi kuisamala nokha, pomwe DAM2 mumangolumikiza n'kuisiya igwire ntchito masabata.

Kafukufuku wanga ine ali pa kufunsira ndi kukumbukira, ndipo apa ndiyenera kunena mosabisa kuti makinawa saona chilichonse cha kufunsirana, popeza m'kachubu mumakhala kamodzi. Komatu ndi nkhani yokoma kuiona ndi maso. Kamphongo kamatembenukira kakakazi, kamakagunda ndi mwendo wakutsogolo kuti kalawe fungo, kenako kamatambasula phiko limodzi n'kumalinjenjemeretsa, ndiyo nyimbo yake. Kakakazi komwe kanakumana kale ndi kamphongo kena kamakana, kamamenya mateche, kamathawa. Mu 1979 Richard Siegel ndi Jeffrey Hall anaonetsa kuti kamphongo kokanidwa motere kwa ola limodzi kamachepetsa kufunsira kwa maola awiri kapena atatu, ngakhale mutakapatsa kakakazi kena komwe kakanalola. Kaphunzira. Mukatalikitsa maphunzirowo, kapena kuwabwereza mopumira, kamakumbukira kwa masiku. Zimenezi timaziona m'tizipinda tating'ono tapulasitiki pansi pa kamera, n'kumawerenga gawo la nthawi lomwe kamphongo kathera pofunsira.

DAM2 imalowa pambuyo pake. Mu 2006 gulu la Paul Shaw ku Washington University mumzinda wa St. Louis linaonetsa kuti tamphongo tophunzitsidwa mokwanira kuti tikumbukire nthawi yaitali timagona kwambiri pambuyo pake, ndipo mukatimana tulo timeneto, chikumbukirocho chimafafanizika. Choncho ine ndimaphunzitsa tamphongo m'tizipinda tija, kenako n'kutisamutsira m'timachubu kuti ndione momwe tikugonera. Pa ntchito imeneyi, poyerekeza gulu lokanidwa ndi gulu losakanidwa m'makina amodzimodzi, DAM2 imakwanira, chifukwa kuperewera kwake kumagwera magulu onse awiri. Ndikafuna kunena kuti tagona mphindi zingati zenizeni, ndimatsimikiza ndi kamera.

Chomwe chandichititsa kulemba zonsezi m'Chichewa ndi udzudzu. Kampani yomweyi imapanga makina aakulupo, LAM25, a machubu a mamilimita 25, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Notre Dame, Samuel Rund ndi Giles Duffield, anawagwiritsa ntchito pounika nthawi yomwe udzudzu wa Anopheles gambiae umauluka. Udzudzu wofalitsa malungo umayendera wotchi ngati tintchentche tomwe. Waumuna umasonkhana m'magulu dzuwa likamalowa kudikira waukazi, ndipo mu 2021 kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Science anaonetsa kuti majini omwe aja, period ndi timeless, akasokonezedwa, kusonkhanako ndi kukwerana kumachepa. Masikito amateteza chifukwa udzudzuwu umaluma kwambiri usiku anthu atagona. Ukamayamba kuluma chakumadzulo anthu ali panja, kapena m'mawa atadzuka, chitetezocho chimachepa. Funso la "nthawi yanji" ndi lomwe makinawa amaliyankha bwino kuposa lina lililonse, ndipo ndikulakalaka kuona udzudzu wogwidwa ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ukuyezedwa motere ndi ophunzira athu omwe.

Wofuna kugula awerengere bwino, chifukwa kabokosi kokha sikagwira ntchito. Pafunika chida cholumikizira ku kompyuta, kompyuta yosazimitsidwa, timachubu tokwanira maulendo awiri kuti tina tizitsukidwa, ndi incubator yomwe mutha kuiuza nthawi yoyatsa nyale, yomwe kawirikawiri ndi imene imadya ndalama zambiri. Kwathu kuja nkhani ya magetsi ikhale yoyamba pa bajeti. Nyale ikazima masana kwa maola angapo, wotchi ya tizilombo imasuntha, ndipo kutentha kukakwera ndi kutsika, nakonso kumakoka wotchiyo ngakhale mumdima. Mabatire ndi inverter zikhalepo kuyambira tsiku loyamba. Kampaniyi imagulitsanso kachida kotchedwa DEnM kolemba kuwala, kutentha ndi chinyezi mkati mwa incubator pa nthawi yofanana ndi manambala a tizilombo. Musakasiye pogula, chifukwa ndi komwe kadzakuuzani ngati kusintha komwe mwaona kwachokera m'ubongo wa kachilombo kapena kwa munthu amene anatsegula chitseko cha incubator usiku.