Cable car ya pa Table Mountain: musathere pa shopu, nsonga yeniyeni ili patsogolo

Ngolo yolendewera pa zingwe zachitsulo yomwe imakweza anthu pa Table Mountain ku Cape Town inatsegulidwa pa 4 Okutobala 1929. Maganizo ake anabwera ndi injiniya wa ku Norway, Trygve Strømsøe, ndipo inamangidwa ndi kampani ya Adolf Bleichert ya ku Germany. Poyamba akuluakulu a mzindawu ankafuna njanji yokwera phirilo, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasokoneza zonse. Ngolozi zasinthidwapo katatu, mu 1958, 1974 ndi 1997.

Zomwe zikuyenda lero ndi za 1997. Zilipo ziwiri, ina ikamakwera ina imatsika, ndipo iliyonse imanyamula anthu 65. Ulendo wochoka pa Tafelberg Road kukafika pa siteshoni ya pamwamba, yomwe ili mamita 1,067 pamwamba pa nyanja, umatenga pafupifupi mphindi 5. Poponda pamazungulira pang'onopang'ono, choncho kulimbirana malo a pa windo n'kungodzivuta. Mzinda, nyanja ndi thanthwe mudzaziona zonse. Chomwe chimazungulira ndi pansi pokha, khoma ayi, ndiye wotsamira khoma kapena woika chikwama pamenepo amapezeka akukokedwa. Kunsi kwa ngolo kuli thanki ya madzi. Madziwo amailemeretsa kuti isagwedezeke ndi mphepo, komanso ndi omwe amagwira ntchito kumtunda.

Vuto lalikulu la ulendowu ndi mphepo. Ya kum'mwera chakum'mawa ikalimba, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, amatseka, ngakhale mutagula kale tikiti. Mtambo nawo umatha kuphimba phiri lonse, moti mungakwere n'kukangoona chifunga. Onani kaye pa webusaiti yawo m'mawa wa tsikulo ngati atsegula, ndipo gulani tikiti pa intaneti kuti musaime mizere iwiri. Nyengo yozizira, cha mu Julayi kapena Ogasiti, amatsekanso pokonza makina. Mtengo wake si wamasewera kwa banja lonse, ndipo pa Disembala mzere umatalika mpaka kutopetsa.

Chomvetsa chisoni n'choti anthu ambiri amajambulitsa pafupi ndi siteshoni, kugula khofi, n'kutsika. Pamwamba penipeni pa phirili ndi pa Maclear's Beacon, mamita 1,086, ndipo munthu woyenda bwino amafikapo pa mphindi pafupifupi 45. Ndi mulu wa miyala wosanjidwa ndi manja, wosakongola kwenikweni, koma mbiri yake ndi yaikulu. Unamangidwa chifukwa cha ntchito ya Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape, yemwe ankayezanso kupindika kwa dziko lapansi. Miyeso ya Mfalansa Lacaille ya m'ma 1750 inkaonetsa ngati chigawo cha kum'mwera n'chosiyana ndi cha kumpoto. Maclear anapeza kuti mphamvu yokoka ya mapiri ndi yomwe inapotoza zida za Lacaille. Amalawi dzinali si lachilendo: Cape Maclear ya ku Mangochi anaitcha David Livingstone polemekeza mnzake yemweyu.

Njira yopita kumeneko ndi yathyathyathya malo ambiri, koma pali potsika ndi pokwera miyala pafupi ndi Platteklip Gorge, chigwa chozama cha m'phirili, ndipo mbali ina imadutsa m'mphepete mwa phompho. Valani nsapato zogwira, tengani madzi ndi juzi, chifukwa pamwamba pamazizira ngakhale m'tauni mukutentha. Mbira zomwe zimaothera dzuwa pa miyala musazipatse chakudya, zimaluma.

Funsani nthawi ya ngolo yomaliza musanauyambe, ndipo musiye maola awiri a ulendo wopita ndi kubwerera. Mukamva hutala ikulira, ndiye kuti akutseka chifukwa cha nyengo. Bwererani ku siteshoni msanga. Ikakusiyani, chotsala n'kutsika wapansi pa Platteklip, masitepe a miyala otsetsereka omwe amatha maondo, ndipo mumdima kapena m'chifunga ndi oopsa.