Biopsy ya prostate ku Avenues: funsani za jakisoni musanalipire

Dokotala ndilibe naye mlandu, koma mayi wa pa desiki uja anandilakwira. PSA yanga (muyezo wa m'magazi wothandiza kuona ngati pali vuto ndi prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) itakwera ananditumiza kukachipatala kena ku Avenues, mu Harare, kuti akandichite biopsy, ndiko kutapa tinyama ta prostate ndi singano kuti akatipime. Mitengo yake ndi ya madola ija mukuidziwa, medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) n'kukusiyiranso shortfall, ndalama yotsala yoti ulipire wekha. Polipira ndinafunsa ndithu kuti ululu wake amatani nawo. Mayiyo, maso ali pa foni, anangoti, "Amapaka jeli, sekuru, sizichedwa." Zoti kuli jakisoni wochititsa dzanzi, kapena zoti ena amawagoneka tulo, sanatchule n'komwe.

Abambo anzanga, jeliyo amangofewetsa polowera kachipangizo ka sikani, kunjira ya chimbudzi. Mkati safika. Ndinagona chammbali, mawondo pachifuwa, kenaka singano ija inalira kuti thwa! Ululu unabaya mpaka kumsana. Ndinagwira chitsulo cha bedi, thukuta kamukamu, ndipo nditakumbuka kuti tinyama amatapa 12, ndinafuula kuti basi, ndisiyeni ndizipita.

Apa m'pamene mtima wanga unatsikako. Dokotala anaima pomwepo. Anafunsa nesi chifukwa chake pa fomu panalembedwa kuti ndasankha jeli yekha, chonsecho palibe anandipatsa mwayi wosankha. Anandipepesa, n'kundibaya lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, mbali zonse ziwiri za prostate, momwe mumadutsa minyewa yomva ululu. Jakisoniyo amaluma pang'ono polowa, osanama. Anadikira kaye mphindi zingapo akundifunsa za kumudzi ku Dedza, poti anamva kalankhulidwe kanga. Atayambiranso ndinkangomva kukankha ndi phokoso lija, ululu ayi ndithu. Anandifotokozeranso kuti ena amadutsira pakhungu, pakati pa machende ndi kumatako, ndipo njira imeneyo imachepetsa matenda obwera ndi tizilombo ta m'matumbo.

Kunyumba Panado anakwanira. Aspirin anandiuza kuti ndidikire kaye chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Magazi mumkodzo anatha masiku ochepa, mu umuna anachedwerapo, monga anandichenjezera. Maantibayotiki ndinamwa onse, ndipo anati thupi likatentha kapena mkodzo ukakana kutuluka ndibwere usiku womwewo.

Ndingawatumizeko abale anga a ku Mufakose, dera lina la mu Harare, koma akalankhule ndi dokotala mwini za dzanzi asanatulutse ndalama. Mayi uja potuluka anandiwonjezera ndalama ya jakisoni pa bilu, osandiyang'ana n'kumaso komwe.