Seva ya wailesi ya mpingo wathu patatha miyezi 9

Dzulo mkulu wa mpingo wina wa ku Chinamwali anandiimbira kufunsa ngati nawonso angatenge seva yomwe ife timaulutsira mapemphero pa intaneti. Ndinawapempha kuti ndiwayankhe mawa, chifukwa bilu ya mwezi uno inali itangofika kumene ndipo mtima unali usanatsike.

Sevayi, yomwe ndi kompyuta imene mawu athu amadutsirapo popita kwa omvera, tinabwereka kwa mnyamata wina wa ku Blantyre, ili ndi Icecast, pulogalamu yogawira omvera mawuwo pa intaneti. Kutchalitchi kwathu ku Matawale, laputopu imatenga mawu ku mikisa n'kuwatumiza ndi pulogalamu ya BUTT. Kuyika zonsezi sikunavute, linki imatseguka pa foni iliyonse, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso BUTT imadzilumikizanso yokha.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi kudukaduka kwa mawu. Lamlungu lililonse omvera akangopitirira 25, mlongo wanga wa ku Johannesburg ankalemba pa WhatsApp kuti, "Achimwene, abusa akumveka ngati achibwibwi, kenaka zii." Ena ankangotayidwa pakati pa ulaliki. Nditamuuza mwini seva, anati netiweki ya ku Zomba ndiyo yovuta, nditenge phukusi lodulirapo. Kawiri konse yankho linali lomwelo.

Ndinakhala pansi ndi fayilo ya icecast.xml, yomwe imasunga manambala oyendetsera Icecast, usiku wina n'kuyamba kuwerengera. Tinkatumiza mawu pa liwiro la 128 kbps, kutanthauza 16 KB pa sekondi. Burst-size, mawu amene seva imapatsiratu foni munthu akangolumikiza, inali 65536, yomwe ndi masekondi 4 basi. Seva ikachedwa pang'ono, nkhokwe ya foni inkatha, n'kukhala chete. Queue-size, mawu amene seva imasungira womvera amene watsalira m'mbuyo, inali 524288, ndipo womvera akatsalira kupitirira pamenepo, pafupifupi masekondi 32, Icecast imamudula. Ndinatsitsa mawu kufika pa 64 kbps, burst-size ndinaika 131072, yomwe tsopano ndi masekondi 16, queue-size ndinaiwonjezera kawiri. Sindinalipire ngakhale tambala. Lamlungu lotsatira mlongo wanga anamva mapemphero onse mpaka mdalitso. Ananenanso kuti bandulo ikukhalitsa, ndipo n'zoona: ola limodzi likudya pafupifupi 29 MB m'malo mwa 58 MB.

Chomwe tataya n'chakuti omvera amakhala m'mbuyo ndi masekondi 20 kapena kuposerapo, moti woimba foni kudzapereka moni amasokonezeka ngati sanatsitse wailesi yake. Kwaya nayo, mawu ake sakumveka bwino ngati kale, ndipo aphunzitsi a kwaya sanasangalale nazo.

Tsiku limene zonse zayenda bwino ndimati sevayi ndi yabwino pa mtengo wake. Koma madzulo ena imalemerabe, mawu n'kudukanso, ndipo ndikuganiza kuti mnyamatayu anatiunjika ambiri pa makina amodzi. Mtengo amawerengera ku dola, ndiye wakwera kawiri chiyambireni, ngakhale liwiro likadali lomwe lija. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti manambala awiri aja ankawadziwa, koma anafuna kuti ndalama za chopereka cha akhristu zipite ku phukusi lomwe sitinkalifuna.

Mkulu wa ku Chinamwali ndawauza kuti atenge ngati omvera awo sapitirira 30, azilipira mwezi ndi mwezi, asalole zolipiriratu chaka, ndipo asanapereke ndalama awonetsetse kuti aziloledwa kusintha icecast.xml okha. Ife tikhalapo mpaka Disembala, akakwezanso tichoka.