Timipira tomangira mamolekyu: ndatigwiritsa ntchito semesita yonse

Kabokosi ka timipira ndi tinditodo tomangira mamolekyu ndinakagula pa shopu ina ya mabuku ku Braamfontein, mu mzinda wa Johannesburg, chaka chitangoyamba, ndipo kakhala m'chikwama changa mpaka mayeso atha. Anzanga a kumudzi amene tili nawo ku yunivesite ya Wits amandiseka kuti ndinagula zidole. Atero, koma pa Williamson ether synthesis, njira ya mu chemistry yopangira ether (molekyu yomwe okisijeni amalumikiza magulu awiri a kaboni), kabokosika kanabweza ndalama yake.

Pa pepala njira ya Alexander Williamson, ya mu 1850, imaoneka yosavuta. Mumachotsa hydrogen pa alcohol ndi sodium hydride, mwapeza alkoxide (alcohol yotsala ndi chaji ya negative pa okisijeni). Alkoxide ija imalowera kumbuyo kwa kaboni wogwira halide (iodide, bromide kapena chloride), halide n'kuchoka; imeneyi ndiyo imatchedwa SN2. Sodium ethoxide ndi ethyl iodide zimapereka diethyl ether, nkhani yatha.

Povuta mpamene akufunsani kupanga ether ngati MTBE, yomwe mbali ina ili ndi methyl (kaboni mmodzi ndi mahydrogen atatu), mbali inayo tert-butyl (kaboni wogwira magulu atatu a methyl). Pa bolodi njira ziwiri zimaoneka zofanana. Mangani tert-butyl bromide ndi timipira, muitembenuze, muyang'ane kumbuyo kwa kaboni wapakati: magulu atatu a methyl atseka njira ngati mataxi a pa renki ya Bree madzulo. Methoxide, alkoxide ya methyl, ilibe polowera, ndiye imangotsomphola hydrogen ya m'mphepete, mumapeza isobutene, yomwe si ether koma alkene (molekyu yokhala ndi double bond pakati pa makaboni awiri); imeneyi ndi E2 m'malo mwa SN2. Mangani methyl iodide pambali pake, kumbuyo kuli pululu. Basi mwadziwa kuti tert-butoxide, ya mbali ya tert-butyl, ndiye ikhale alkoxide, halide ikhale ya methyl. Chiyambire kuziona ndi maso, funso la mtunduwu silinandizunguzenso. Ma halide a secondary nawo, omwe kaboni wogwira halide amagwiranso makaboni ena awiri, mumamvetsa chifukwa chake amatulutsa ether ndi alkene zosakanikirana.

Langizo langa: gwiritsani tinditodo tifupitifupi. Totalika timasiya mpata waukulu, tert-butyl n'kumaoneka ngati ili ndi malo pomwe ilibe.

Zofooka zilipo. Kaboni aliyense ali ndi mabowo anayi a madigiri 109.5, choncho transition state, kamphindi ka pakati pa SN2 pomwe kaboni amakhudzana ndi magulu asanu, simungaimange bwino. Ine ndimamata ndi Prestik, phula lomatira mapepala pakhoma, kuti ndione kutembenuka kwa magulu atatu aja, ndipo sizioneka zaukhondo. Timipira sitingakuuzeninso chifukwa chake iodide imachoka msanga kuposa bromide ndi chloride, kapena chifukwa chake DMF ndi DMSO, ma solvent osungunuliramo mankhwalawa, zimafulumizitsa ntchitoyi. Zimenezo muwerenge basi.

Kulimba kwake n'kwapakatikati. Mabowo a kaboni wakuda amene ndimamugwiritsa kwambiri akhwepa, molekyu yaikulu imagwa mukainyamula. Okisijeni wofiira akadali bwino. Timahydrogen toyera timasowa kwambiri, ena agubudukira pansi pa bedi mpaka lero, moti dibutyl ether sindingathenso kuimaliza osabwereka kwa mnzanga wa chipinda choyandikana.